Chinsomba Chimene Chinafunsa za Alamu Anga

Maloto a dzana sakundichoka m'mutu. Ndinalota ndili pa damu la m'minda ya tiyi ku Thyolo, komwe ine ndi alamu anga, a Maliseni, timakonda kukawedza. Zaka zonsezi iwo ndiwo amakola zikuluzikulu, ine n'kumabwerako ndi timatemba.

M'malotomo ndinali ndi kabango kowonda ndi kaulusi konga kosokera malaya. Mbedza itangogwa m'madzi, china chake chinakoka mpaka ulusi unandicheka zala. Ndinalimbana nacho, thukuta lili kamukamu, mapazi akutitimira m'matope ozizira. Kenako chinavuuka. Chinali chinsomba chobiriwira, chachikulu ngati mwana wa mbuzi, kukamwa kwake koti chibakera n'kulowamo.

Ndinachikumbatira chikununkha ndere. Chinandiyang'ana ndi diso limodzi n'kufunsa kuti, "Kodi a Maliseni sanabwere lero?"

Posakhalitsa ndinangoona alamuwo ali mu suti, osanyowa ngakhale pang'ono, atachinyamula kale. Anthu a kutchalitchi kwathu ankawajambula ndi mafoni, azimayi akululuta. Mkazi wanga ndiye ankatsogolera nyimbo.

"Ndakola ndine!" ndinayesa kukuwa, koma m'kamwa munangotuluka madzi.

"Alamu, tandigwirirani chipewachi," iwo anatero mokoma mtima. Ine n'kuchigwiradi.

Kutacha ndinamufotokozera mkazi wanga. Anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Achimwene aimba foni, akuti mukawedze limodzi Loweruka."

Ndinati ndili ndi chimfine. Kaya malotowo akulosera chiyani, sindikudziwa. Koma lero ndi tsiku lachiwiri ndikuwalambalala pamsewu alamu angawo, munthu woti sanandilakwire chilichonse.