Sizasi Yanga ndi Meshi ya Sunganani

Ine Macloud Kachingwe, mphunzitsi wa Sitandade 6 kuno ku Malindi, ndameta mutu umodzi wokha m'moyo wanga wonse, koma ndaumeta zaka khumi ndi ziwiri. Mutuwo ndi wa mwana wanga wamkazi, Sunganani.

Zinayamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Wometa wina wa pamsika, manja ali pamutu pa mwana wanga maso ali pa mpira wa pa TV, anamucheka khutu. Kuyambira tsiku limenelo Sunga akangomva kulira kwa mashini ometera ankathawira kunsi kwa bedi. Koma kusukulu lamulo ndi lamulo, mtsikana azimeta. Ndiye ndinapita kuboma kukagula sizasi ndi chipeso. Ulendo woyamba mutu wake unaoneka ngati udzu wodyedwa ndi mbuzi, ndipo mayi ake, Enid, anaseka mpaka kugwira nthiti. Sindinagwe ulesi. Pofika Sitandade 3, ngakhale aphunzitsi anzanga ankafunsa kuti mwanayu amameta kuti.

Pakatha milungu iwiri iliyonse, Loweruka m'mawa, ndinkaika kampando pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kumumanga chitenje m'khosi. Apa ndiulule chinsinsi. Mwana wangayu ukayang'anana naye maso ndi maso, mawu amamuthera. Koma akakhala chokufulatira, iwe uli kumbuyo ndi sizasi, amalankhula ngati wailesi. Pakampando paja ndi pomwe ndinamva za mnzake amene ankamubera rula. Ndi pomwe ndinamva kuti amaopa kusambira ngakhale anakulira m'mbali mwa nyanja. Ali Fomu 2, ndi pomwe ndinamva kuti mnyamata wina dzina lake Shafi wamulembera kalata. Tsiku limenelo sizasi inaphonya, ndipo mwana anapita kutchalitchi ndi chigamba pamwamba pa khutu.

Atatha msinkhu, amayi a kumpingo anabwera kudzamulangiza. Kuchokera apo kuchipinda kwathu analeka kulowa, pamkeka tinaleka kukhalira limodzi, ndipo madzi ankandipatsa atagwada chapatali. Ndi mwambo, sindikuutsutsa, kwathu ku Ntcheu timateronso. Koma kunena zoona zinandiwawa. Chimene chinanditsalira ndi kampando kaja, chifukwa alangiziwo anaiwala kuletsa kumeta.

Aliyense amadziwa kuti mtsikana akangolemba pepala lomaliza la Fomu 4, lumo silimukhudzanso. Inenso ndinkadziwa, ndine mphunzitsi. Kungoti ndinkayesa zimachitikira ana a eni.

Loweruka lotsatana ndi mayeso ndinaika kampando pamalo pake, ndinapukuta sizasi ndi timafuta. Sunga anatuluka ndi ndowa ya zochapa.

"Sunga, bwera dzuwa lisanakwere," ndinatero.

Anaima, maso ali pansi. "Adadi, mayesotu ndamaliza."

"Ndiye tsitsi nalonso lamaliza kukula?"

"Ndikufuna ndilisunge. Likatalikako, anti Zakia andiluke meshi."

Enid anali pakhonde akusankha nyemba. "Bambo a Sunga," anatero, "kodi mumafuna mudzamumete mpaka tsiku la ukwati wake?"

Ndinabweza kampando m'nyumba ngati munthu wobwezedwa pa chinkhoswe.

Miyezi iwiri inadutsa, tsitsi likukula, nkhani zikuchepa. Zathu zinangokhala "mwadzuka bwanji" ndi "mwaswera bwanji". Ndikamuona akuchokera kumsika, wamtali, akuyankhulana ndi amayi ogulitsa usipa m'Chiyao chimene ine chinandikanika, mtima unkadzaza ndi kunyada. Nthawi yomweyo unkandiwawa. Ndinkafuna akule, inde, ndi chimene ndinkapempherera. Koma sindinauzidwe kuti akadzakula ndidzasowa pomumvera.

Tsiku la meshi linafika. Zakia ndi mnansi wathu, mkazi wa a Zubair asodzi, ndipo pa zoluka tsitsi palibe womuposa m'dera lino. Sunga anapita m'mawa, anabwera masana. Atalowa pageti ndinaona Enid wa zaka makumi awiri zapitazo, amene ndinakumana naye pa depoti ya basi ku Balaka. Anakongola mwana wanga. Anaima patsogolo panga, akumwetulira mwamanyazi, kudikira kuti ndinene kanthu.

Ndipo ndinanenadi. "Zingwe zonsezi, kodi a Zubair atsala ndi ukonde?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Pakamwa pangapa, pamene paphunzitsa ana a eni ulemu zaka zonsezi, panandigwetsa m'dzenje tsiku limenelo.

Zotsatira za mayeso zinatuluka, anakhoza bwino. Tinamuyamikira, tinapha nkhuku, iye anati "zikomo adadi" basi. Patapita masiku, Enid anandiuza kuti mwana wakonza zopita ku Zomba kwa azakhali ake a Gloria, akaphunzire kompyuta uku akudikira kufunsira malo kusukulu ya unamwino. Anali atakambirana kale zonse, mpaka tsiku lonyamuka. Ine amene ndinamva za kalata ya Shafi mayi ake asanamve, ndinamva za ulendo wa mwana wanga kuchokera kwa munthu wina.

"Kapepeseni," anatero Enid. "Mwanayutu achoka ali ndi chotupa mumtima."

Ndinayesa. Ndinakaima pakhomo la chipinda chake, pamene mwambo umandilola kulekezera. Anatuluka n'kugwada. Tinayang'anana. Mawu amene ndinawakonza tsiku lonse anathawa, ndipo ndinangomufunsa ngati waona cholembera changa chofiira.

Linafika Loweruka lomaliza, ulendo uli Lolemba. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwake kuja kwa Mangochi koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinali pansi pa mtengo wa mango ndikuchonga makope a ana. Ndinamva mapazi. Sunga anabwera atanyamula kampando kaja, chitenje paphewa, chipeso ndi sizasi yanga m'manja. Anaika kampando patsogolo panga, anadzimanga yekha chitenje m'khosi, n'kukhala chondifulatira.

"Meshi yakalamba, ikundiyabwa," anatero. "Mundimasule."

"Mayi akotu ali pakhondepo. Ndi amene amazidziwa zimenezi."

"Ndawaona."

Ndinayang'ana kukhonde. Enid anali atawerama pa lichero lake ngati m'nyembamo mwalembedwa nkhani.

Makope ndinawasiya pansi. Sunga anandilangiza osacheuka. "Muzidula kunsonga kokha, pamene tsitsi langa silikufika. Mukadula m'mwamba mudula langalo. Kenako muzimasula ndi kumchira kwa chipeso."

Zaka khumi ndi ziwiri sizasi imeneyi inkadziwa ntchito imodzi, kudula tsitsi la Sunganani. Tsiku limenelo ntchito yake inali yolisiya. Zala zanga zozolowera choko zinavutika ndi chingwe choyamba, mpaka anakuwa kuti ndikumukoka. Chachiwiri chinamasuka bwinoko. Tsitsi lake lenileni linkatuluka lopotanapotana, lofewa, lalitali kuposa mmene ndinaliwonerapo chibadwire chake.

Pa chingwe chachinayi wailesi ija inatseguka. Anati akuopa Zomba, akuti kumazizira ndipo anthu ake amayenda mothamanga. Anati azakhali a Gloria amadzutsa anthu tambala asanalire. Anati akufuna unamwino chifukwa cha mmene anamwino a pachipatala anasamalira mayi ake chaka chija anadwala malungo aakulu. Anati Shafi uja anakwatira kalekale, ndisamamuyang'anenso ndi diso lofiira ndikakumana naye panjira. Kenako anatsitsa mawu.

"Za ukonde zija zinandiwawa, adadi. Ndinalira."

Kuyankhula ndi nkhongo ya munthu n'kosavuta, ndinazindikira tsiku limenelo kuti matendawa anatengera kwa ine. "Pepa, mwana wanga," ndinatero. "Unakongola kwambiri. Ndinkadikira kamwana kanga pageti paja, ndiye panalowa munthu wamkulu. Ndinachita mantha."

Anangokweza dzanja n'kundipatsa chingwe chotsatira.

Kumeta kunkatitengera mphindi makumi awiri. Meshi ya Zakia inali ndi zingwe zoposa zana, ndipo mthunzi wa mango unasuntha mpaka tinasuntha nawo kawiri. Msana unandiwawa, zala zinachita dzanzi, koma sindinadandaule.

"Ku Zomba ndikalukitsanso," anatero Sunga, titatsala pang'ono kumaliza. "Koma meshi siikhalitsa, adadi. Ikakwana miyezi iwiri imafunika kumasula. Ndizibwera nayo kuno."

Ndinayamika Mulungu kuti mwanayo anali atandifulatira, chifukwa mphunzitsi wa Sitandade 6 sayenera kuonedwa nkhope ili chomwecho.

"Bambo a Sunga, mukuchedwatu!" anafuula Enid ali pakhonde. "Mwanayo sanalongeze katundu."

"Ntchitoyi njovuta, mayi," ndinayankha.

Zinali zitatsala zingwe zisanu ndi ziwiri, ndipo zala zanga zinali zitaidziwa kale ntchitoyo. Ndikuvomera kuti ndinazimasula pang'onopang'ono dala.