Dzina la Atumani pa Seva ya ku Lungwena

Patatha masiku makumi atatu ndi anayi chimuikireni Atumani m'manda, dzina lake lidadzuka n'kuyamba kugwira ntchito.

Adaliona ndi a Kalisto, mkulu wa ofesi ya bungwe lina la asodzi pa boma la Mangochi. Adaitana Benedicta, mtsikana wa makompyuta amene adachokera ku Dedza, n'kumutembenuzira laputopu. Bungwelo linali ndi maseva awiri, makompyuta aakulu osungira zonse za ntchito, ina pa boma, ina ku Lungwena, ndipo onsewo ankasunga detabesi imodzimodzi ya maboti, maukonde ndi mayina a asodzi. Pa mndandanda wa mapulogalamu amene akuyenda, pulogalamu iliyonse imaonetsa mwini wake. Pa seva ya pa boma, pambali pa detabesi panali nambala chabe, 1003. Pa ya ku Lungwena panalembedwa kuti atumani, ndipo nthawi yoyambira inali Lachiwiri lapitalo, 10 koloko m'mawa.

"Munthuyu tidakamuika tonse, inunso mudaliko," adatero a Kalisto. "Ndiye alipo wamoyo amene akuvala dzina lake. Kiyi wa chipinda cha ku Lungwena amasunga ndi mlongo wake, Farida. Ndidamuuza kalekale kuti afufute akauntiyo. Kalata yomuchotsa ntchito ndalemba kale. Pitani mukaone, mundiyankhe isanakwane 4 koloko."

Benedicta adangogwedeza mutu.

Minibasi itawoloka mlatho wa Shire, adatsamira zenera n'kutseka maso. Panalibe amene ankadziwa, kaya kwawo ku Dedza kaya ku mzikiti wa ku Lungwena, kuti iye ndi Atumani adakondana chaka chathunthu. Kolona m'khosi mwake, kofia pamutu pa mnzakeyo: adagwirizana zodikira kaye. Mafoni ankaopa, chifukwa foni imagwidwa ndi aliyense. Choncho Atumani, amene adaika maseva onse awiri ndi manja ake, ankamulembera makalata mu akaunti yake ya ku Lungwena, ndipo pasiwedi adamunong'oneza. Chimugundireni galimoto Atumani ali pa njinga yamoto, Benedicta ankalowamo m'mawa uliwonse asanamwe tiyi, kuwerenga kalata imodzi, n'kutuluka. Koma detabesi sadaikhudzepo. Nanga adaidzutsa ndani Lachiwiri?

Ofesi ya ku Lungwena inali kachipinda kamodzi kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Farida adamulandira pakhomo akukonza mpango wake.

"Achemwali, akutumani kudzandimanga? Bwenzi mutabwera ndi chingwe, kunotu tili ndi za maukonde zokha."

"Ndabwera kudzaona seva."

"Ioneni. Imeneyo ndiye sinama."

Sevayo inali m'kabati yachitsulo, ikung'ung'udza motsitsa ngati munthu wopemphera yekha. Pa msomali pamwamba pake panali kofia yoyera ya Atumani. Benedicta adayang'ana kumbali msanga. Adakhala pampando umene malemuyo adaukulunga nsalu ya buluu pamkono wothyoka, n'kuitana mndandanda uja. Dzinalo lidatuluka pagalasi, zilembo zing'onozing'ono zobiriwira, ndipo nambala za pambali pake zinkasinthasintha ngati kupuma.

"Ine ndikasesa muno ndimawapatsa moni," adatero Farida kumbuyo kwake. "Musandiseke."

"Bwanji simudafufute akauntiyi, abwana atakuuzani?"

"Arubaini sinakwane. Mpaka masiku makumi anayi athe, tichite sadaka, mayi sakusuntha ngakhale nsapato za achimwene pakhonde. Ndiye ine ndifufute dzina lawo chifukwa a Kalisto atumiza meseji? Atsala masiku asanu ndi limodzi. Akadadikira."

Benedicta adatsegula buku limene seva imalembamo mbiri yake. Lachiwiri, itatsala pang'ono 10 koloko, panali mpata wa mphindi makumi awiri wopanda mzere uliwonse.

"Lachiwiri m'mawa kudachitika chiyani kuno?"

"Lachiwiri? A Sangwani a zamagetsi adabwera kudzasintha batire la sola. Zonse zidazima kaye, kenaka zidayaka."

Mtima wa Benedicta udatsika, ndipo sadadziwe ngati kunali kumasuka kapena kukhumudwa. Adaitana nambala ya akaunti ya Atumani. Inali 1003.

"Tabwerani muone," adatero. "Kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala. Achimwene anu poika detabesi adaidzutsa ndi akaunti yawo, n'kuiuza kuti magetsi akabwera izidzuka yokha pa nambala yomweyo. Ku boma tidafufuta akaunti yawo, ndiye kwatsala nambala yopanda dzina. Kuno dzina lilipo, ndiye seva ikulilemba. Ndi chinthu chimodzi, kungoti uku chavala, uko sichidavale."

"Ndiye si iwowo?"

"Si iwowo."

Farida adayang'ana kofia ija.

Itangopitirira 3 koloko, Benedicta adaimbira a Kalisto, foni ili pa sipika, n'kufotokoza zonse bwinobwino. Iwo adamvetsera mpaka kumapeto.

"Za batire ndamva, ndavomera," adatero. "Koma mutachoka ndidayang'ananso. Seva ikunena kuti akauntiyo wina adalowamo lero m'mawa, 7 koloko itangopitirira. Limenelonso ndi batire? Farida, ukumva?"

"Ndikumva, abwana. Wallahi, pasiwedi yake sindiidziwa."

"Aliyense amatero. Benedicta, tsegulani kaundula wa olowa. Amaonetsa kumene munthu walowera, si choncho?"

Amaonetsa. Benedicta adautsegula pang'onopang'ono. Mizere makumi atatu ndi inayi idatsika pagalasi, m'mawa uliwonse, ngakhale Lamulungu, ndipo yonse inkaloza kwa laputopu yake. Akadatha kunena kuti kaundulayo ndi woonongeka. A Kalisto sakadatsutsa, ndipo kalata ya Farida ikadatuluka mawa lomwe. Kunja amayi ankatembenuza usipa pa mathandala. Kabati inkang'ung'udzabe. Benedicta adamva ngati wina waima kumbuyo kwa mpando, pamalo pamene Atumani ankakonda kuima, akudikira kuti amve yankho.

"Ndine, abwana."

"Mwati?"

"Amene amalowamo ndine. Masiku onsewa. Farida sakudziwapo kanthu. Kaundulayu ndikutumizirani pompano."

"Inu mumakafunamo chiyani mu akaunti ya malemu?"

"Muli makalata anga. Ankandilembera."

Benedicta adayang'ana foni, poganiza kuti yaduka. Kenaka kudamveka kung'ambika kwa pepala.

"Kalata ya Farida ndiyo imeneyo," adatero a Kalisto, mawu atatsika. "Za inu tikamba mawa, pakhomo potseka. Akauntiyo ifufutidwe."

"Pakatha masiku asanu ndi limodzi, abwana."

Iwo adapuma mozama. "Pakatha masiku asanu ndi limodzi."

Benedicta adaika foni patebulo, akuopa kutembenuka. Farida adakoka chigoba cha mabotolo n'kukhala pafupi naye, mawondo awo akukhudzana.

"Achimwene adayamba kusita malaya tsiku lopita ku boma," adatero. "Munthu amene ankapita ku ukwati ndi malaya a dzulo. Ine ndi mayi tidawerenga atsikana onse a kwa Mponda, osampeza. Kani munthu wake amavala kolona."

"Pepani."

"Pepani wa chiyani, alamu? Lachinayi, tsiku la arubaini, mubwere m'mawa. Mpunga ndi wambiri, manja ndi ochepa. Mpango ndikubwerekani."

Benedicta adalira pamenepo, mwakachetechete, kwa nthawi yoyamba pamaso pa munthu.

Ntchito yotsala inali yaing'ono: kupatsa detabesi akaunti yakeyake, kuizimitsa, kuidzutsanso, kuti maseva onse awiri azionetsa chimodzimodzi. Adalemba malamulo onse, chala chili pa batani lomaliza. Pagalasi dzina lija linkapumabe.

Adachotsa chalacho, n'kusunga malamulowo mu fayilo, n'kulembapo kuti Lachisanu. Potuluka Farida adakiya chitseko, ndipo kudzera m'matabwa ankamvabe kabati ija ikung'ung'udza yokha pansi pa kofia.