Manambala a Anthu a Mailesi

Mailesi anali atagwira ntchito zaka zisanu pa kiliniki ina ya ku Rufunsa, ndipo panali chinthu chimodzi chimene ankachisamala ngati dzira: mndandanda wa anthu olandira mankhwala otalikitsa moyo, mayina ndi manambala awo a foni. Tsiku la munthu lodzatenga mankhwala likayandikira, ankaimba yekha. Kuno foni imodzi ndi ya nyumba yonse, ndiye akayankha mwamuna kapena apongozi, Mailesi ankangofunsa mtengo wa mbuzi n'kudula. Mwini nkhani akauzidwa za mbuzi ankadziwa yekha kuti tsiku la mankhwala layandikira. Mbuzi zimene mayi ameneyu anafunsa mtengo osagula zikanadzaza lole.

Koma mtima wake unali ku Lusaka, kumene mwana wake wamkazi, Choolwe, ankakhala ndi azakhali ake. Makalata opempha kusamutsidwa analemba mpaka kutopa, yankho zii.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera uthenga pa WhatsApp, kenako foni inalira. Woimbayo anati ndi Mordecai, wa bungwe lina la zaumoyo mumzinda. Pakamwa pake panali potsetsereka.

"Ba Mailesi, munthu monga imwe safunika kuwolera mu thengo. Tili na malo ya ukodineta, ndipo ofesi ili pafupi na sukulu ya Choolwe."

Mailesi anasangalala, tisabise.

"Kanthu kamodzi chabe," anapitiriza Mordecai. "Nitumileni listi ya anthu anu tione mwamene musebenzela. Tizayamba kuwatumila mamesiji yowakumbutsa mankhwala. Koma isapite folo koloko, pali ena atatu afuna malo yamene aya."

Mailesi anapita kuseri kwa kiliniki, natsegula mndandanda uja pafoni. Kutumiza kunali kungodina kamodzi. Maso ake anagwera pa dzina la Emelda wa ku Shikabeta, amene foni yake amatchaja pa sola ya apongozi ake aamuna, mkulu wowerenga uthenga uliwonse mokweza ngati ali pa guwa. Uthenga umodzi wonena za mankhwala, banja la Emelda latha. Ndipo m'munsi mwa dzinalo munali mayina ena oposa zana.

Apo m'pamene anadzifunsa kuti mlendoyu wadziwa bwanji sukulu ya mwana wake. Yankho linali pa Facebook pake pomwe: chithunzi cha Choolwe atavala yunifolomu, baji ikuonekera bwinobwino. Anamupatsa yekha chingwe chomukokera. Anachita manyazi, kenako anapsa mtima, ndipo anaimbira Mordecai.

"Ba Mordecai, lembani kalata ya bungwe yanu ipite kuli akulu a kiliniki. Listi siichoka pano."

Mawu okoma aja anatheratu. "Amai, ganizani bwino. Mwana wanu azakula osakudziwani."

Mawuwo anamulasa pamtima penipeni, poti ndi zimene iyenso ankaopa.

"Azanidziwa. Zikomo, ba Mordecai."

Anatseka nambalayo kuti isadzamupezenso, anachotsa zithunzi za mwana pa Facebook, n'kukauza Fredrick, mkulu wa kilinikiyo, kuti achenjeze anzawo a m'makiliniki ena. Kalata ija sinabwere. Kaya ntchitoyo inalipodi kaya inali nyambo chabe, palibe akudziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kunkamupweteka kwambiri. Kukana wakuba woonekeratu n'kosavuta. Mailesi anakana akuganiza kuti mwina akutaya mwayi weniweni, ndipo ine munthu wotero ndimamuvulira chipewa.

Ana ataweruka kusukulu, anaimbira Choolwe.

"Mami, mubwera liti kukhala na ine?"

"Pa holide, mwana wanga. Monga masiku onse."

Atadula foni analira ndithu, atatsamira khoma la kiliniki. Tsiku limenelo Emelda anali kumunda kwake akupalira mtedza, osadziwa kanthu, ndipo mpaka lero sadziwa.