Mbedza Yokowera Kolakwika

Alonda anapuma ntchito maso atayamba kuchita chifunga. Zaka makumi atatu pageti ya fakitale anzawo anali nyenyezi basi, ndipo anazipatsa mayina awoawo: Mbedza, Ana Atatu, Mayi Wolongolola. Tsopano akayang'ana kumwamba ankangoona utsi. Mpongozi wawo atawauza kuti kusitolo ya mabuku kuli mpira wojambulidwa nyenyezi zonse, anavala jekete n'kumuuza kuti atsogole.

Wogulitsa, mtsikana wa zikhadabo zopenta, anayamba wawabweretsera mpira wa mayiko. Alonda anaukankha ndi chala chimodzi, amvekere sanabwere kudzagula nyanja. Wachiwiri unali woyaka ndi magetsi, iwo ati nyenyezi zodikira magetsi n'zachibwana. Wachitatu, wakuda bii, wa madontho akuluakulu, anaukumbatira, mphuno mpaka kugunda, n'kuyamba kusaka ndi chala.

Mbedza anaipeza. Nkhope inasintha pomwepo.

"Mwanangu, wapinda ichi ndani? Mbedza imakowera uku, osati uko."

Mtsikanayo anafotokoza mwaulemu kuti mipira yotere imajambulidwa ngati munthu waima kunja kwa thambo, akuzionera nyenyezizo kumsana.

"Kunja kwa thambo? Anapitako ndani, bambo ako? Ine udzudzu wandidya zaka zonsezi ndili pansi pompano, lero mundigulitse zoonera angelo?"

Ogula ena anasiya mabuku n'kutchera khutu. Mpongozi, manyazi atamugwira, ananong'ona kuti tiyeni bambo, tikaona kwina. Alonda anapitiriza kulalata, koma mpira osausiya. Kwina kuti? Akautula apa ndiye kuti Mbedza atsanzikana nayo mpaka kumanda.

Mtsikana uja anapisa m'kachikwama kake, n'kutulutsa kagalasi kodziyang'anira popaka milomo, n'kukaimika pambali pa mpirawo. Alonda anasuzumiramo monyinyirika. Mbedza inakowera kwake kwenikweni. Mtsikanayo atawachenjeza kuti pagalasipo zilembo zizioneka zotembenuka, anamuuza kuti zilembozo aziwerenga yekha, iwo mayina ali nawo kale.

Mpira anagula. Kagalasi nako anakaponya m'thumba, ati sangatenge katundu wosamaliza kupanga n'kusiya mbali yake ina. Pamene mwini wake amati atsegule pakamwa, iwo anali atafika kale pakhomo, akukalipira mpongozi kuti anyamule bwino, asagwedeze kumwamba.