Anamupatsa Belu Kuti Azolowere

"Ndinu amene munamupatsa chitsulo chija, aphunzitsi! Musandizungulitse mutu!"

Ndinalankhula ndisanakhale n'komwe pampando umene ahedi ankandilozera. Aphunzitsi a mng'ono wanga anali ataima pafupi ndi kabati, manja ali mbuu ndi choko. Patebulo panali magalasi osweka a windo, atawaunjika papepala kuti ndiwaone bwino.

Mng'ono wangayo kwathu timamutchula Chete. Kuwerenga amandiposa ine mkulu wake, koma phokoso limamubaya ngati singano. Adokotala anati ndi otizimu, ubongo wake umamva zinthu mosiyana ndi ife. Mayi amachoka m'mamawa kupita kuntchito, ndiye za kusukulu ndimayendera ndine. Ndipo ndinawauza aphunzitsiwa tsiku loyamba lomwe kuti belu likamalira, amuleke atseke makutu.

Belu lakelo ndi limu la galimoto lopachika pamtengo kuseri kwa ofesi. Lero Chete analimenya kamodzi, n'kuponya chitsulo chomenyeracho uko. Chinakalowa pawindo. Iye anathawira kunyumba.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero ahedi. "Tikambirane ngati anthu."

"Mwana wanu ali pansi pa bedi. Wakana kutuluka, wakana ngakhale madzi."

Aphunzitsi anakonza kukhosi. "Achemwali, ine ndimafuna kumuthandiza. Ndinati akamamenya yekha, mantha atha, azolowera. Ndinamusankha akhale woyimba belu sabata ino. Anzaketu amachita kulimbirana udindo umenewo!"

"Chitsulo chili m'manja, makutu atseke ndi chiyani? Ndi mapazi?"

Ndiye n'chifukwa chake masiku apitawa ankabwera kunyumba malaya ali otafunidwa pakolala, osafuna kuti munthu amukhudze. Ine n'kumati mwina ndi malungo!

"Chitsulocho chikanagwera mnzake, bwenzi tikukamba zina," anatero ahedi, akutembenuza cholembera m'zala. "Makolo ayamba kale kudandaula. Ziliko sukulu za ana oterewa. Mwina kumeneko..."

"Oterewa? Otani? Sukuluyo ili kuti, munaiona ndi maso anu? Kapena mukungofuna achoke pano, kwinako aziona okha?"

Ndinaloza kukhoma kumbuyo kwawo. Pali chithunzi chachikulu, ana atandandalika, pansi pake atalemba kuti mwana aliyense ali ndi malo pano. Chete ali kutsogolo kwenikweni. Alendo atabwera anamuimika pamenepo, mpaka kumupesa tsitsi.

"Pachithunzi malo ali nawo. M'kalasi ndiye mwadzaza?"

"Usatinyoze, iwe," anatero ahedi.

Aphunzitsi anayang'ana pansi. Mawu awo anatsika. "Ana m'kalasi mwanga ndi ochuluka, ena amakhala mpaka pakhomo. Za otizimuzi palibe anandiphunzitsapo."

"Inenso palibe anandiphunzitsa. Sukulu ndinalekera panjira. Ndinachita kufunsa, kuwerenga pafoni, kumuyang'anitsitsa mwanayo mpaka kumumvetsa. Inu simunafunikire zonsezo. Ndinakubweretserani zokonzakonza, ndi pakamwa pangapa. Koma munaona ngati kamtsikana kosaphunzira kangakuuzeni chiyani."

"Si choncho, achemwali..."

"Ndi choncho kumene!"

Kunja belu linalira. Mwana wina analimenya mokondwa, kangapo, mpaka magalasi aja ananjenjemera papepala. Tonse tinakhala duu kudikira lileke.

"Mukudziwa chimene wandifunsa ndikutuluka?" ndinatero litaleka. "Sanafunse za windo. Ali pansi pa bedipo, wati mawa kuli sayansi, aphunzira za maginito, kodi apita? Ndamuuza kuti ndikukafunsa. Ndipo Chete sanamizidwa, ahedi. Ukamuuza kuti ukubwera ndi yankho, amadikira yankho."

Ahedi anayang'ana aphunzitsi. Aphunzitsi anayang'ana kabati.

"Tiona kaye, komiti ikakhala..."

"Komiti sikagona pansi pa bedi! Ikani cholemberacho pansi, mundiyang'ane. Mawa abwere, akhale pampando wake, belu liyimbidwe ndi wina, kapena mukumuchotsa? Ngati mukumuchotsa, nenani ndi pakamwa panu, ndikamuuze kuti mwatero ndinu. Sindituluka muno. Ndiyankheni!"