Madzi a M'chifuwa cha Che Sufiyani

"Anakutumani ndani kuwauza asisitala kuti ndinu akazi anga?"

"Nanga ndikanati ndine ndani? Wogulitsa chambo wongodutsa? Muno salola mlendo kudikirira wodwala, Che Sufiyani, koma wachibale basi."

"Komatu bodza... bodza..." Mpweya unamuthera Sufiyani, nkhani n'kuthera m'chifuwa.

Sufiyani, telala wa pa Liwonde, anali atadwala kapamba zaka zinayi. Ululu unkayambira pamwamba pa mchombo n'kutulukira kumsana, makamaka akadya zamafuta. Mwezi uwu kunabwera china: befu. Kungoponda makina pang'ono, wefuwefu. Zaina, mayi wamasiye amene ankagulitsa nsomba pafupi ndi khonde lake, ndiye anamukweza basi ya ku Balaka kupita naye kuchipatala, makhadi achipani onse awiri, amene masiku amenewo ankafunsidwa pokwera basi, atawamanga pansonga ya chitenje.

Chimene chinkamuwawa Sufiyani si bodzalo iyayi. Chaka chathunthu anali akusoka mawu oti amufunsire Zaina, ndipo tsopano mawu atatu okha amamutopetsa ngati wakwera phiri la Chikala. Mkazi angalole mwamuna wofunsira ndi chifuwa?

Adokotala anagogoda nthiti zake ndi zala, n'kumvetsera.

"Muli madzi umu. Kapamba akatupa nthawi yaitali, madzi amakwera m'chifuwa n'kupanikiza phapo."

"Ndimayesa anamwa Shire," anatero Zaina. "Koma awa? Ngakhale pamlatho wa baraji amadutsa atatsinzina kuopa madzi!"

Anamukhazika pampando chotembenuka, atakumbatira pilo. "Mayi, gwirani amuna anu," anatero asisitala. Zaina anamugwira mapewa mosachita manyazi. Singano inalowa pakati pa nthiti, yaitali kuposa zonse zimene Sufiyani anasokerapo. Madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka anayamba kudontha m'botolo, tho, tho, tho. Linadzaza, n'kubwera lina.

"Kapambayo sitinathane naye," adokotala anachenjeza. "Zokazinga ayi. Madzi akhoza kubwerera."

"Zokazinga zisiyeni kwa ine," anatero Zaina.

Adokotala atatuluka, Sufiyani anakoka mpweya. Unalowa, n'kulowabe, mpaka pansi pamene panali pasanafike mpweya mwezi wonse. Alhamdulillah! Sanafune kudikira mawa, kuopa madzi angabwerere asanalankhule.

"A Zaina, bodza lija..."

"Mwayambanso? Chabwino, ndikawauze asisitala zoona, ndikwere basi ndizipita."

"Iyayi! Khalani pansi." Anamugwira nsonga ya chitenje. "Ine ndikufuna ndikatuluka muno amalume anga akaonane ndi amalume anu, Shehe atimangitse ukwati, muzindilalatira chonchi mpaka ndikalambe."