Khadi, Kaseti ndi Wagitala

Mumsewu wonsewo ankamutchula kuti Katswiri, chifukwa panalibe kompyuta imene inkatuluka m'kashopu kake isanachire. Koma sabata imeneyo, kakhadi kochepa ngati chikhatho kanatsala pang'ono kumuvula ulemu.

Nkhaniyi inayamba ndi mkazi wake. Pofufuza m'sutikesi yakale anapeza kaseti ya vidiyo ya masiku amene ankaimba m'bandi asanakwatiwe, ndipo anafuna kuti zithunzizo zisamukire pa kompyuta tepi isanawonongeke. Katswiri anagula khadi yokokera vidiyo kuchokera m'makina a kaseti, n'kuilowetsa m'kompyuta yake. Vuto linali lakuti iye ankagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ija yoyendetsera kompyuta, imene aliyense amaloledwa kuisintha, pomwe kadisiki ka m'bokosi la khadiyo kanali ka makompyuta ena.

Kompyuta inkavomera kuti khadi ilimo, koma sikirini inkangoti bii. Anatsitsa dalaivala, kapulogalamu kolankhulitsa khadi ndi kompyuta, koma sizinaphule kanthu. Anayesa kumanga ina yekha, ntchito n'kuthera panjira ndi mizere yofiira yosonyeza zolakwika.

Tsiku lachiwiri masana mkazi wake anabweretsa chakudya, n'kuima kumbuyo kwake.

"Bambo a mwana, musadzivutitse. Ndamva kuti Wagitala anatsegula situdiyo kuseri kwa depoti. Akuti zoterezi amamaliza tsiku limodzi."

Wagitala ndi amene ankaimba ndi mkazi wakeyo m'bandimo, yemwe anthu ankati akanamukwatira mayiyo akanapanda kupita kunja.

"Mwamva kwa ndani?"

"Anthu amakamba."

"Anthu ake ati? Kapena mumaimbirana?"

"Aa, inu! Mpaka nsanje ndi kaseti?"

Chakudya chinazizira pomwepo. Makasitomala awiri anabwera ndi malaputopu, iye n'kuwabweza kuti adzabwere mawa. M'maso mwake ankangoona mkazi wake atakhala pa sofa mu situdiyo muja, akuseka ndi munthu wa zala zazitali uja, mitu itagundana pa sikirini.

M'mawa mwake anazula khadiyo, n'kuvala magalasi, n'kuwerenga timanambala ta pa kachipangizo kakuda ka pakati pake. Sitinkagwirizana ndi zolembedwa pa bokosi. Masiku awiri onsewo ankakakamiza khadiyo dalaivala ya mtundu wina! Pa intaneti anapeza munthu amene anadandaulapo zomwezi zaka khumi zapitazo, ndipo wina anali atamuyankha ndi mzere umodzi wokha: nambala yoti ilembedwe m'fayilo inayake kuti kompyuta iizindikire khadiyo. Analemba, anazimitsa, anayatsanso.

Chithunzi chinabwera chikunjenjemera, chopanda utoto. Atasintha mtundu wa siginolo yochokera m'makina a kaseti, chinakhazikika.

Anali mkazi wake, wochepa thupi, atavala diresi yachikasu, maikolofoni ili m'manja. Pambali pake, Wagitala. Nyimbo ikafika pokoma, mtsikanayo ankacheuka n'kumumwetulira, kumwetulira kumene Katswiri sanakuonepo pa zaka khumi ndi zisanu za banja lawo. Anabwereza malo amenewo kanayi, mtima ukuwira. Anayang'ana makina a kaseti aja. Kungokoka tepiyo pang'ono, n'kunena kuti makina atafuna, ndani akanamutsutsa?

Chitseko chinalira.

"Zatheka!" anafuula mkazi wake, akukoka mpando. Anaonerera pakamwa pali yasa, kenako anamugwira mkono mwamphamvu. "Imitsani! Bwezani pang'ono."

Analoza pakona, m'chigulu cha oonerera, pomwe bambo wina wachipewa ankaomba m'manja.

"Malemu bambo anga awa. Ankati kuimba m'bandi n'kulowerera, mpaka anakhala miyezi osandilankhula. Sindinkadziwa kuti anabwera."

Analira ataika nkhope m'manja. Katswiri anamusisita pamsana, manyazi atamugwira, maso ake akuzemba makina aja.

Vidiyo yonse anaisamutsa osadulapo kalikonse. Koma pamene mkazi wake anapempha chithunzi cha malemuwo choti apachike pabalaza, Katswiri anatha ola lathunthu akuchidula m'mbali, mpaka ngakhale kamutu ka gitala sikanaonekemo.